Nyenyezi Zikamasankha Ola Lobadwira Mwana

Pa 22 Januwale 2024, Ahindu anasonkhana mumzinda wa Ayodhya ku India pa mwambo wopatulira kachisi wa mulungu wawo Rama. Tsikuli lisanafike, nyuzipepala za kumeneko zinalemba kuti amayi ena oyembekezera ankapempha madokotala kuti awachite opaleshoni pa tsiku lomweli, mwana abadwe pa nthawi yamwayi. Pempho lotere limachokera ku chikhulupiriro chakale kwambiri chotchedwa muhurta.

Pa kawerengedwe ka Ahindu, tsiku limayamba dzuwa likamatuluka, ndipo usana ndi usiku amaugawa m'zigawo 30. Chigawo chilichonse ndi muhurta, ndipo chimatenga pafupifupi mphindi 48. Zigawo zina amati n'zabwino, zina amati n'zatsoka. Brahma muhurta imayamba kutatsala ola limodzi ndi mphindi 36 kuti dzuwa lituluke, ndipo amati ndi nthawi yabwino yopemphera ndi kuphunzira. Abhijit muhurta imagwa dzuwa lili paliwombo, ndipo ambiri amaikonda poyamba ntchito yatsopano.

Palinso nthawi imene amaipewa, yotchedwa Rahu Kalam. Imatenga pafupifupi ola ndi theka tsiku lililonse, koma imasuntha malinga ndi tsiku. Dzuwa likatuluka 6 koloko, Lolemba imagwa kuyambira 7:30 mpaka 9:00 m'mawa, pamene Lamlungu imagwa kuyambira 4:30 mpaka 6:00 madzulo. Munthu woitsatira sanyamuka ulendo, sasaina pangano, ndiponso satsegula sitolo yatsopano pa nthawiyi.

Banja likafuna kumanga ukwati kapena kulowa m'nyumba yatsopano, limapita kwa wopenda nyenyezi. Iye amatsegula kalendala yotchedwa panchang, imene imayang'ana zinthu zisanu, kuphatikizapo tsiku la mwezi wa kumwamba, tsiku la sabata, ndi gulu la nyenyezi limene mwezi uli. Magulu a nyenyeziwa alipo 27. Ngakhale msika wa masheya wa ku Mumbai umatsatira mwambowu: pa chikondwerero cha Diwali umatsegulidwa kwa ola limodzi, kuti amalonda ayambe chaka chawo pa nthawi yamwayi.

Wamalonda akachedwetsa kutsegula sitolo ndi ola limodzi, sataya zambiri. Koma nkhani imakula mwambowu ukalowa m'chipinda cha amayi oyembekezera. Kafukufuku wa boma la India wa 2019 mpaka 2021 anapeza kuti mwana mmodzi mwa ana asanu alionse amabadwa kudzera pa opaleshoni, ndipo m'zipatala zolipira ndi pafupifupi theka la ana onse. Zifukwa zake n'zambiri, ndipo nyenyezi ndi chimodzi chabe. Komabe opaleshoni imapatsa banja mwayi wotchula tsiku ndi ola, zimene kubereka mwachibadwa sikulola.

Thupi la mwana lili ndi nthawi yakeyake. M'masabata omaliza, mapapo amakhala akukhwima, ubongo ukukula, thupi likusunga mafuta oti adzamufunditse akabadwa. N'chifukwa chake madokotala amalangiza kuti opaleshoni yochita kukonzekera isachitike mimba isanakwane masabata 39, pokhapokha ngati pali vuto. Mwana wotulutsidwa msanga amatha kuvutika kupuma ndi kugonekedwa m'chipinda cha ana odwala. Mayi naye amatha kutaya magazi ambiri, chilonda chimatha kulowa matenda, ndipo chipsera cha pa chiberekero chimafuna kusamala pa mimba zotsatira. Opaleshoni imapulumutsa moyo ikachitika pa chifukwa chake. Kuichedwetsa podikira ola lamwayi pamene mwana akubanika n'koopsanso chimodzimodzi.

Tisafulumire kuseka makolo amenewa. Chimene chimawatengera kwa wopenda nyenyezi ndi chikondi chosakanikirana ndi mantha, kufuna kuti mwana ayambe bwino moyo. Ifenso mtima umenewu timaudziwa. Kusiyana kuli pa kumene timatengera nkhawa zathu. Genesis 1:14 amatiuza kuti dzuwa, mwezi ndi nyenyezi zinaikidwa kuti zitithandize kuwerenga nyengo, masiku ndi zaka, monga timachitira poyang'ana dzuwa likamalowa Lachisanu. Sizinapatsidwe mphamvu pa tsogolo la munthu, ndipo Yesaya 47:13-14 amanena mosabisa kuti openda nyenyezi sangapulumutse aliyense.

Choncho pakhomo pakakhala mayi woyembekezera, masiku ofunika kuwasunga ndi amene alembedwa m'buku la kusikelo. Muperekezeni pa tsiku lililonse limene anamuuza, konzeranitu thiransipoti ndi womudikirira, ndipo muzipemphera naye. Dokotala akatchula opaleshoni, funsani kuti mimba yakwana masabata angati, komanso chifukwa chimene wasankhira tsikulo.