Zakuya, Zakale ndi Zazikulu Koposa: Mboni za M'nyanja pa Mlandu wa Chigumula

Munthu wa pa Dwambazi safunika kumufotokozera mphamvu ya madzi. Kum'mawa kwake kuli nyanja, kumadzulo kuli mapiri otsanulira mvula yawo yonse m'mitsinje yotsikira kugombe. Kumapeto kwa Febuluwale 2024 mtsinje wa Dwangwa unasefukira, n'kudula msewu wa M5 ndi kuthamangitsira anthu masauzande a m'dera la Mfumu Kanyenda kumisasa. Choncho mlaliki akatchula chigumula cha Nowa, anthu a kuno samva ngati nthano.

Mkangano uli pena. Pali chiphunzitso, chofala m'mipingo ina ndi m'mavidiyo oyenda pa foni, chakuti dziko lili ndi zaka 6,000 zokha, ndipo miyala, malasha ndi mafupa onse a pansi pa nthaka zinayalidwa ndi chigumula chimodzi chomwe chinamiza dziko lonse zaka zosakwana 4,400 zapitazo. Ziwerengero zimenezi simungazipeze zitalembedwa m'Baibulo. Amene anazitchukitsa ndi bishopu wa ku Ireland, James Ussher, yemwe mu 1650 anawonkhetsa zaka za mibadwo n'kupeza kuti dziko linalengedwa mu 4004 Yesu asanabadwe. Za miyala yoyalidwa ndi chigumula anazilimbikitsa ndi George McCready Price mu 1923, kenako John Whitcomb ndi Henry Morris m'buku lawo la mu 1961, The Genesis Flood. Ine ndikuona kuti chiphunzitsochi chikusenzetsa Genesis katundu wa eni, ndipo mboni zamphamvu zochitsutsa zili pakhomo pathu pompano.

Tiyambe ndi chakuya koposa. Nyanja ya Malawi ndi yachitatu kukula mu Africa, ndipo pa kuya imangogonja kwa Tanganyika. Kumpoto kwa Nkhata Bay imazama mamita pafupifupi 700. Popeza madzi ake ali pa mamita 474 pamwamba pa nyanja ya mchere, ndiye kuti pansi penipenipo patsika mamita oposa 200 kupitirira pomwe mafunde a ku Beira amaswekera. Kuyaku kuli ndi phindu limene msodzi saliona. Mukatsika kupitirira mamita 250, madzi alibe mpweya wa okosijeni. Kulibe nsomba, kulibe nkhono kapena nyongolotsi zovundula matope. Chogwera kumeneko chimagona mmene chagwera. M'miyezi ya mwera, mphepo ikatakasa nyanja, ndere zosaoneka ndi maso zimaswana n'kufa, zigoba zake n'kuyala kamzere koyera. M'dzinja mitsinje monga Songwe ndi Rukuru imatsitsa dothi, n'kuyala kamzere kakuda. Koyera ndi kakuda, chaka chatha. Kumpoto kwa nyanjayi akatswiri amawerenga mizereyi umodziumodzi.

Mu 2005 gulu la asayansi lotsogozedwa ndi Christopher Scholz, Thomas Johnson ndi Andrew Cohen linamanga makina oboolera pa chombo chonyamula mafuta chotchedwa Viphya. Ntchitoyo inali ngati kukumba mjigo, koma mjigo woyambira pansi pa madzi akuya mamita 592. Anaboola mamita 380 m'matope, n'kuwatulutsa m'mapaipi osasokoneza kasanjidwe kake. Matope a pansi penipeni pa dzenjelo anapezeka kuti ali ndi zaka 1.3 miliyoni, ndipo iyi ndi imodzi mwa mbiri zazitali koposa za nyengo zomwe zinatengedwapo m'nyanja iliyonse ya mu Africa. Zakazo sanazipeze ndi njira imodzi. Kumtunda anayeza kaboni wa m'zomera zakufa. Kunsi anayeza phulusa la mapiri ophulika, napezanso malo pomwe maginito a dziko anatembenuka zaka pafupifupi 780,000 zapitazo, chizindikiro chomwe chimapezekanso m'miyala ya m'maiko ena kutali. Njira zosadalirana zinaloza kumodzi.

Wina anganene kuti zipangizo zimanama. Chabwino, tizisiye, tigwire masamu a ku pulayimale. Lero matope amaunjikana pansi pa nyanjayi pafupifupi milimita imodzi pachaka, pena osafika n'komwe. Kuti mamita 380 akwane m'zaka 4,400, pafunika masentimita pafupifupi 9 chaka chilichonse. Komanso mamita 380 amenewo ndi pamwamba chabe, chifukwa m'malo ena matope a pansi pa nyanja yathu ndi ochindikala makilomita oposa 4. Pamenepo pafunika pafupifupi mita yathunthu pachaka, ndipo nyanja ikanakwiririka makolo athu akuona. Nanga matope a zaka 4,400 zapitazo? Ali mamita ochepa chabe kuchokera pamwamba, ndipo alibe chizindikiro cha madzi a mchere kapena chipwirikiti cha dziko lomira. Ndi matope a nyanja yomweyi, ndere zake zomwezi.

Chimene matopewa anaulula, chomwe chinadabwitsa ngakhale oboolawo, ndi chilala chachikulu koposa. Pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo nyanja inaphwa kangapo, nthawi ina mpaka kutsika mamita pafupifupi 600 ndi kutaya madzi ake okwana 95 pa 100 aliwonse. Likoma linali phiri la pamtunda. Munthu woima pomwe pali Dwambazi lero akanaona chigwa chouma kutsogolo kwake, madzi ali kutali kumpoto. Pamalo achiwiri omwe anaboola, pomwe lero madzi ndi akuya mamita oposa 350, anapeza dothi lomwe linaumapo padzuwa. Ngakhale nkhungu, tizilombo tija timatuluka m'nyanja mwaunyinji n'kukhala ndiwo ya anthu a m'mphepete muno, tinaperekera umboni. Mphutsi zake masana zimabisala m'madzi akuya opanda mpweya, choncho zotsalira zake zimachuluka m'matope a nthawi yomwe nyanja inali yodzaza, n'kusowa m'matope a nthawi ya chilala. M'zaka 1.3 miliyoni nyanja inatsika mamita oposa 200 maulendo 24. Yerekezani ndi zomwe zalembedwa chiyambire kuyeza madzi ake mu 1896: kuchokera pa kuphwa kwa 1915 kufika pa kudzaza kwa 1980, kusiyana sikufika mamita 10. Kuphwa ndi kudzazanso kwa mamita mazanamazana, maulendo 24, sikungapanikizidwe m'zaka 4,400 popanda Aiguputo, Amaravi kapena wina aliyense kukuona.

Chochokera kutali koposa ndi phulusa. Phiri la Toba pa chilumba cha Sumatra ku Indonesia linaphulika zaka pafupifupi 74,000 zapitazo, kuphulika kwakukulu koposa m'zaka 2 miliyoni zapitazi. Mu 2013 Christine Lane ndi anzake analengeza kuti apeza tizidutswa ta phulusa lake m'matope a nyanja yathu, pa mtunda wa makilomita oposa 7,000, tili pa mzere wake weniweni.

Tibwere ku nsomba. Palibe nyanja ina pa dziko lapansi yokhala ndi mitundu ya nsomba yochuluka ngati yathu. Za m'banja la mbuna, utaka ndi ncheni zokha akatswiri amati zili pakati pa mitundu 700 ndi 1,000, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse. Kafukufuku wa majini a mitundu 73 yemwe anatuluka mu 2018 anaonetsa kuti yonseyi ndi ya kholo limodzi, ndipo inagawikana m'zaka zosapitirira miliyoni imodzi. Asayansi amati limeneli ndi liwiro lodabwitsa. Tsono okhulupirira dziko la zaka 6,000 amavomereza kuti mitunduyi inachokera ku kholo limodzi, koma amati zinachitika chigumula chitatha. Ngati ndi choncho, mtundu watsopano unkabadwa zaka 5 kapena 6 zilizonse, osalekeza, mpaka lero. Msodzi wokalamba wa pa Dwambazi akanakhala ataona mitundu yatsopano khumi ndi kuposerapo m'chilimira chake. Ndiponso funso loyamba likadali poyera: chambo ndi kampango, zomwe sizingakhale m'madzi a mchere, zinapulumuka bwanji chaka chathunthu nyanja zonse zitasakanikirana?

Mvula yaikulu koposa yomwe inayezedwapo pa tsiku limodzi inagwa pa chilumba cha Réunion mu Januwale 1966: mamilimita 1,825 m'maola 24. Namondwe wa Freddy, yemwe anakhalitsa koposa anamondwe onse olembedwa, masiku 36, anatisiyira maliro osaiwalika ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mu Malichi 2023. Komabe kuti madzi akwirire Sapitwa, pa mamita 3,002, m'masiku 40, ayenera kukwera mamita 75 tsiku lililonse; kuti akwirire Everest, mamita 221. Chinyezi chonse cha mumlengalenga chitagwa nthawi imodzi chingakwane masentimita awiri ndi theka pa dziko lonse. Madzi oundana onse a ku Antarctica ndi Greenland atasungunuka, nyanja ya mchere ingakwere mamita osapitirira 70, kufika m'chigwa cha kumunsi kwa Shire, Dwambazi ali chiumire mamita 400 pamwamba pake. Yankho lomwe limaperekedwa n'lakuti mapiri anali aafupi, anakwera pambuyo pake. Koma nthaka ya m'chigwa chathu imang'ambika mamilimita ochepa pachaka, ndipo kugwedezeka pang'ono chabe kunagwetsa nyumba ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu 2009. Kukweza mapiri makilomita angapo m'zaka zowerengeka kukanatulutsa kutentha kowiritsa nyanja.

Mafupa akale koposa ali ku Karonga, ndipo chofunika pa iwo ndi kasanjidwe. Ku Mwakasyunguti kuli miyala yomwe munatuluka Malawisaurus, chinyama chachitali khosi cha zaka zoposa 100 miliyoni, chomwe chinapatsidwa dzinali mu 1993 ndi gulu lomwe munali katswiri wathu Elizabeth Gomani. Iye yemweyo anatchula china, Karongasaurus, mu 2005. Ku Uraha, m'boma lomwelo, mu 1991 gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza nsagwada ya Homo rudolfensis ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, imodzi mwa zotsalira zakale koposa za mtundu wa anthu. M'miyala ya nsagwadayo muli nguluwe, agwape, njovu ndi mvuu. Mulibe dinosaur ngakhale mmodzi. M'miyala ya Malawisaurus mulibe mvuu ngakhale imodzi. Aliyense amene anaona zomwe madzi osefukira amasiya akudziwa kuti sasankha: mbuzi, denga, chitsa ndi mphika zimaunjikana pamodzi. Pa phiri la Hora ku Mzimba napo anafukula mafupa a ana omwe anaikidwa m'manda zaka zoposa 14,000 zapitazo. Anthu ankalira maliro m'dziko muno zaka 8,000 chisanafike chaka chimene Ussher anati dziko linayamba.

Za miyala tingodutsa. Ya ku Nyika ili ndi zaka pafupifupi 2 biliyoni. Timiyala takale koposa pa dziko, ta ku Jack Hills ku Australia, tili ndi 4.4 biliyoni. Amayeza ndi yureniyamu, yemweyo wa ku Kayelekera, amene theka lake limasanduka mtovu m'zaka 4.5 biliyoni.

Amene anayamba kuona zonsezi sanali adani a mpingo, ndipo apa m'pamene mtima wanga uli. Adam Sedgwick anali wansembe wa Anglican ndi mphunzitsi wa za miyala ku Cambridge. Kwa zaka zambiri ankaphunzitsa kuti mchenga ndi miyala ya m'zigwa za England inasiyidwa ndi chigumula cha Nowa. Mu 1831 anaima pamaso pa akatswiri anzake n'kubweza mawu ake poyera, chifukwa miyalayo inakana. Unsembe wake sanausiye. Henry Drummond, mlaliki wa Free Church of Scotland, mpingo womwe unatumiza Robert Laws ku Cape Maclear ndi Bandawe, anafika pa nyanja ino mu 1883 kudzaona miyala ndi zamoyo zake, ndipo analalikira Khristu moyo wake wonse akuvomereza kuti dziko ndi lakale. Mkhristu angathe kuwerenga nkhani ya Nowa ngati ya chiweruzo, chifundo ndi pangano, kapena ngati chikumbutso cha chigumula choopsa cha ku Mesopotamiya, osakakamiza mwana wake kusankha pakati pa abusa ndi aphunzitsi a jogalafe.

Kukakamizako kuli ndi mtengo wake. Nyanja itatsika kwambiri, pakati pa 1915 ndi 1935 Shire analeka kutulukamo, ndipo lero magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira amadalira mtsinje womwewo. Dziko lotere likufunika ana ake odziwa kuwerenga matope, ndipo mwana amene wauzidwa kuti kuwerengako n'kuchimwa sadzalembetsa maphunzirowo. Matope a mu 2005 akusungidwa m'nyumba yozizira ku University of Minnesota, ndipo ambiri mwa amene alembapo za iwo ndi akunja. Ndikufuna kudzaona dzina la Chitonga kapena la Chichewa lili patsogolo pa kafukufuku wotsatira.