Mkute ndi microwave: choopsa chenicheni chili pati?

Masiku ano ukwati ukachitika muno mu Blantyre, pakati pa mphatso zimene akwati amalandira sipalephera kupezeka kabokosi kamagetsi kotenthetsera chakudya, kamene anthu amangokatchula kuti microwave. Ena amagula okha m'masitolo a ku Chichiri kapena a mu Limbe, ena amatumiziridwa ndi abale a ku Joni n'kukalandirira katunduyo pa Wenela. Komatu pocheza ndi mabanja ku Chilomoni, ku Bangwe, ku Machinjiri ndi ku Zingwangwa, taona kuti ma microwave ambiri sagwira ntchito imene adapangidwira. Ina imangokhala pamwamba pa firiji itafunditsidwa kansalu koluka, ina idasanduka kabati yobisamo buledi kuti makoswe asamupeze. Tikafunsa chifukwa chake, yankho limakhala limodzimodzi: "Akuti chimayambitsa khansa." Tsono banja lomwelo, tsiku limene lalimba mtima n'kuyatsa, limaponyamo mtanda wathunthu wa mkute, n'kupatsa mwana uli wotentha kunja koma m'kati mukadali mozizira. Ife tikuona kuti anthu akuopa chimene chilibe vuto, kwinaku akunyozera chimene chingathe kugoneka mwana m'chipatala.

Chipangizochi chidabadwa mwangozi. M'chaka cha 1945, katswiri wina wa ku America, Percy Spencer, wa kampani ya Raytheon, ankagwira ntchito pa makina a radar, aja oonera ndege zikadali kutali. Ataima pafupi ndi kachipangizo kotchedwa magnetron, adazindikira kuti switi imene idali m'thumba mwake yasungunuka. Adayesa kuikapo chimanga cha mbuliwuli, ndipo chidaphulika. Microwave yoyamba, ya m'chaka cha 1947, idali chimakina chotalika ngati munthu wamkulu, cholemera makilogalamu oposa 300. Yaing'ono yoika patebulo, yofanana ndi imene tili nayo m'makomo mwathumu, idayamba kufala kuchokera m'chaka cha 1967.

Magnetron ija ikadalimo mpaka lero, kuseri kwa mabatani. Imatulutsa mafunde osaoneka ndi maso, a mtundu umodzi ndi aja amene amanyamula mawu a wailesi ndi a foni ya m'manja, kungoti awa ndi amphamvu ndipo amatsekeredwa m'bokosi lachitsulo. Akalowa m'chakudya, amagwedeza tizigawo tating'onoting'ono ta madzi, kutitembenuzira uku ndi uku nthawi zoposa 2 biliyoni pa sekondi imodzi. Kugwedezekako ndiko kumabala kutentha, monga momwe zikhatho zimafundira tikamazipekesa m'mawa wa mu Juni kukuwomba chiperoni. Mafundewa ndi osiyana ndi aja ojambulira mafupa kuchipatala. Satsalira m'chakudya, ndipo makina akazima nawonso amatha nthawi yomweyo, monga kuwala kumathera mukathimitsa babu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti microwave ilibe choopsa ikamagwiritsidwa ntchito motsata malangizo a amene adaipanga.

Mukayang'anitsitsa galasi la pachitseko, muona kasefa kachitsulo ka timabowo ting'onoting'ono. Funde limodzi ndi lotalika pafupifupi masentimita 12, pamene kabowo kalikonse ndi ka milimita imodzi kapena awiri, motero kuwala kumadutsa koma mafunde aja sadutsa. Chitsekocho chilinso ndi timaswichi tomwe timadula magetsi chikangotseguka. Apa ndiye pagona chitetezo chonse. Ngati chitseko chapindika, ngati sichikutsekeka bwino, ngati galasi lasweka kapena dzimbiri laboola khoma la m'kati, lekani kuigwiritsa ntchito. Chitseko cha microwave sichimangidwa ndi mphira ngati cha khola la nkhuku.

Tsono tibwere ku mkute. Mafunde aja salowa mpaka pakati pa chakudya chachikulu. Amangofika masentimita awiri kapena atatu kuchokera kunja, ndipo m'katimo kutentha kumachita kuyenda pang'onopang'ono monga kumachitira pamoto wamba. Kuwonjezera apo, m'bokosimo muli malo ena amene mafunde amachuluka ndi ena amene amachepa, n'chifukwa chake mbale yagalasi ya pansi ija imazungulira. Mtanda wa nsima ndi wothithikana, ntchafu ya nkhuku ili ndi fupa pakati, nyemba zadzadza mbale yakuya. Zonsezi zikhoza kufuka nthunzi pamwamba pamene pakati sipadafike moto n'komwe. Tizilombo toyambitsa matenda otsegula m'mimba timatsala amoyo pamalo ozizirawo. A WHO amalangiza kuti chakudya chitenthe mpaka madigiri 70 paliponse, osati pamwamba pokha. M'makomo mwathu mulibe choyezera, choncho chizindikiro chathu n'chakuti mukabaya pakati ndi supuni pazituluka nthunzi yoti chala sichingapirire.

Anthu a mu mzinda uno sitingaiwale kolera ya m'zaka za 2022 ndi 2023, imene idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zidachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Mwa malangizo amene azaumoyo ankabwereza masiku amenewo, limodzi lidali lakuti tizidya chakudya chikadali chotentha. Microwave ingathe kutithandiza pa zimenezi, komanso ingathe kutinyenga, pakuti chakudya chofunda chabe chimaoneka ngati chotentha.

Njira yake si yovuta. Mkute muudule m'tizidutswa tosapitirira kukula kwa dzira, mutiyale m'mphepete mwa mbale mosasanjikiza, muwazepo madzi pang'ono kuti usaume ngati mwala, ndipo muvundikire ndi mbale ina yadothi mosiya kampata kotulukira nthunzi. Mutenthetse kwa mphindi ziwiri, mutsegule, mutembenuze, mubwezeremo. Ndiwo za nyemba, za nandolo kapena za nyama muzivundule pakati pa nthawiyo. Belu likalira musathamangire kupakula. Siyani chivundikirire kwa mphindi imodzi kapena ziwiri kuti kutentha kufalikire paliponse. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mphindi ziwiri zodikirazo ndi gawo la kuphika komwe.

Pali chinthu chimodzi chimene microwave siyingachite, ndicho kuukitsa chakudya chimene chawonongeka kale. Chakudya chophikaphika sichiyenera kukhala panja pa firiji kupitirira maola awiri, makamaka m'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Mpunga ndiye umafuna kusamala kwambiri. Muli tizilombo tina totchedwa Bacillus cereus, tomwe timaswana mumpunga wogona pamtunda n'kusiyamo poizoni amene satha ngakhale mutenthetse chotani. Ngati magetsi adazima tsiku lonse ndipo firiji idafunda, nyama kapena nsomba ya dzulo ija musaidalire chifukwa choti yalowa mu microwave. Tikudziwa kuti kutaya chakudya n'kowawa pamene ufa ndi ndiwo zakwera mtengo chonchi, koma mtengo wa kuchipatala ndi woposa. Ndiponso chakudya chitenthetsedwe kamodzi kokha: patulani chimene mudye, chotsalacho chikhale m'firiji.

Kwa amayi ndi olera ana tikuti mkaka wa m'botolo usatenthetsedwe mu microwave. Botolo limamveka lofunda m'manja pamene mbali ina ya mkakawo ndi yotentha moti n'kusupula m'kamwa mwa khanda. Ikani botololo m'madzi ofunda monga tinkachitira kale. Phala la mwana mulivundule bwino ndi kulilawa musanamupatse. Madzi a tiyi nawo ali ndi chinyengo chawo: m'kapu yosalala amatha kupsa kupitirira muyeso osawira, ndiye mukangothiramo shuga amafufuma mwadzidzidzi n'kukuthirani kumaso. Dzira la chikhokho chake limaphulika, ndipo limatha kudikira mpaka mutalitulutsa. Ife tidaonapo zimenezi kunyumba kwathu, mnyamata wina atafuna kufulumizitsa kadzutsa. Mwamwayi lidaphulikira m'kati, koma adatha ola lathunthu akupala dzira kudenga la makinawo. Mbatata ndi kachewere muziyamba mwazibaya ndi foloko.

Nanga tiikemo ziwiya zotani? Zadothi zosalala ndi zagalasi lolimba ndizo zabwino. Chitsulo chimabweza mafunde ndipo chimathetheka ngati mphezi, choncho poto, mbale zamalata, foloko ndi mapepala onyezimira okulungira nyama zikhale kunja. Samalaninso ndi mbale zija za alendo zokhala ndi mkombero wagolide, pakuti mkomberowo ndi chitsulo. Timabokosi toyera togulitsiramo tchipisi timasungunuka, chimodzimodzinso zitini zapulasitiki za majarini. Majumbo opyapyala, amene boma lidaletsa m'chaka cha 2015 koma tikuwaonabe m'misika, asayandikire n'komwe chakudya chotentha. Pulasitiki yoyenera imakhala yolembedwa kunsi kuti ndi ya mu microwave. Mukakayika mbale, ikanimo yopanda kanthu pambali pa kapu ya madzi kwa mphindi imodzi. Madzi akatentha mbale ili yozizira, ndi yabwino. Mbaleyo ikatentha, ichotseni.

Tisabise, microwave si mbaula ndipo siidzalowa m'malo mwa mthiko. Nsima imafuna kuvundula ndi mkono, nyemba zouma zimafuna maola ambiri pamoto wodekha. Koma potenthetsa zotsala, pophika dzungu, mbatata kapena masamba ndi timadzi tochepa, imachita bwino ndipo siwononga. Yapakatikati imakoka mphamvu ya ma watts pafupifupi 1,200. Ikayaka mphindi 5 imadya gawo limodzi mwa magawo 10 a yuniti, kutanthauza kuti yuniti imodzi ya pa mita ingakutenthetsereni chakudya maulendo 10. Yerekezani ndi makala amene amapserera pambaula pofuna kungofunditsa mbale imodzi ya mwana wochokera kusukulu. Aliyense amene adaona phiri la Ndirande likadali ndi mitengo akudziwa kumene makalawo adatifikitsa.

Ma microwave ambiri amene afa muno sadafe ndi ukalamba, adaphedwa ndi magetsi. Mphamvu ya magetsi a m'nyumba zathu ndi ma volts 230, ndipo masoketi athu ndi a mano atatu amakona. Yochokera ku South Africa imabwera ndi pulagi ya mano obulungira, ndiye ena amaidula n'kulowetsa mawaya awiri m'soketi, kuwapanikiza ndi timitengo ta machesi. Waya wachitatu amene amamusiyayo ndiye wotaya magetsi pansi makina akalakwika, kuti asadutse mwa munthu wogwira bokosilo. Gulani pulagi yoyenera ya fiyuzi ya ma amps 13, wodziwa ntchito akulumikizireni mawaya onse atatu. Yochokera ku America, yolembedwa ma volts 120, singagwire pa magetsi athu popanda chosinthira mphamvu. Microwave ikhale ndi soketi yakeyake ya pakhoma, osati kugawana kachingwe kamodzi ndi ketulo ndi simbi.

Kuzimazima kwa magetsi tidakuzolowera, ndipo kudafika poipa namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya ma megawatts pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Nthawi yoopsa kwa zipangizo ndi pamene magetsi akubwerera, chifukwa amatha kubwera ndi mphamvu yopitirira kapena yoperewera. Akangozima, thimitsani pakhoma ndi kuzula pulagi. Akayaka, dikirani mphindi zingapo kuti akhazikike. Kachipangizo kotchinjiriza kaja timaika pa firiji kaliponso ka mphamvu yokwanira microwave, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi kugula ina. Mvula ya ziphaliwali ikayamba, zulaninso.

Kutsuka kwake kumafuna dzanja lofatsa. Ikani m'kati mbale ya madzi ofinyiramo ndimu kwa mphindi 3, musiye chitsekere kanthawi kuti nthunzi ifewetse zomatirira, kenaka muzule pulagi ndi kupukuta ndi kansalu kofewa. Mchenga, phulusa ndi waya wokwechera mapoto zimakanda utoto, ndipo pokandikapo ndi pamene dzimbiri limayambira. Pakhoma la m'kati, kawirikawiri kudzanja lamanja, pali kachikatoni kotuwa konyezimira pang'ono. Ambiri amakachotsa poyesa kuti n'kotsalira kusitolo, chonsecho ndiko kamatchinga khomo lotulukira mafunde kuti mafuta asalowemo. Kakadetsedwa ndi msuzi kamayamba kuthetheka ndi kupserera, choncho kapukuteni nthawi zonse, ndipo kakapsa kasinthidwe. Kansalu koluka kaja kachotsedwe poyatsa, ndipo m'mbali ndi kumbuyo musiye mpata woti mpweya uziyenda. Mphemvu zimakonda malo ofunda okhala ndi nyenyeswa, ndipo zikamanga mudzi kuseri kwa mabatani zimawotcha mawaya. Musayatse mulibe kanthu, pakuti mafunde akasowa cholowamo amabwerera kukawononga magnetron. Moto ukabuka m'kati, musatsegule chitseko: thimitsani pakhoma, motowo uzima wokha posowa mpweya.

Ikawonongeka, abambo ndi anyamata okonda kumasula zinthu adzigwire. M'kati muli kachipangizo kotchedwa capacitor, komwe kamasunga mphamvu ya ma volts pafupifupi 2,000, ndipo kangathe kukhala nayobe ngakhale pulagi itazulidwa. Anthu afa pongokakhudza. Amisiri aluso alipo ambiri ku Ndirande ndi mu Limbe, koma si aliyense wokonza wailesi amene amadziwa microwave, ndiye funsani kaye ngati adakonzapo ina. Safunsa adadya phula. Musalolenso kuti mmisiri alumphitse timaswichi ta pachitseko kapena kuika waya m'malo mwa fiyuzi pofuna kukuchepetserani mtengo.

Amene mukufuna kugula yogwirapo kale ntchito, nyamulani kapu yadothi popita kumsikako. Onani ngati chitseko chikutsekeka mothina, suzumirani pansi pa mbale yozungulira ngati palibe dzimbiri, werengani kumbuyo ngati palembedwa ma volts 220 mpaka 240. Kenaka pemphani wogulitsayo ailumikize, muikemo madzi a m'kapu ija kwa mphindi ziwiri. Akatuluka ongofunda, bwezani ndalama zanu m'thumba.