Kuonetsa masilaidi ndi foni ya m'manja: zofunika kudziwa musanayatse pulojekita

Pulojekita ndi makina amene amalandira chithunzi kuchokera ku chipangizo china, n'kuchiwalitsa chili chachikulu pakhoma kapena pansalu yoyera kuti gulu la anthu lionere limodzi. Masamba amene wolankhula amaonetsa limodzilimodzi pofotokoza nkhani yake ndiwo amatchedwa masilaidi. Kwa zaka zambiri ntchito imeneyi inkafuna laputopu, koma lero foni ya m'thumba ikhoza kuigwira yonse: kulemba masilaidi, kuwasunga ndi kuwatumiza ku pulojekita.

M'makomboni a mu Lusaka monga Chunga, kufupi ndi Matero ndi Lilanda, nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa mafoni ndi ochuluka kuposa malaputopu. Mphunzitsi amene akufuna kuonetsa ana mapu, mlembi wa mpingo amene akupereka lipoti la zomangamanga, msungichuma wa gulu losunga ndi kubwereketsa ndalama, ngakhale mlangizi wa zaumoyo amene akuphunzitsa za kolera, matenda amene anazunza mzindawu kumayambiriro a 2024 mpaka bwalo la masewera la Heroes linasanduka malo ogoneka odwala, onsewa amayenda ndi foni. Pulojekita yokha ndi imene amabwereka kapena kuchita hayala.

Kuphunzitsa ndi zithunzi zowala pakhoma si kwachilendo. Mu Januwale 1854, David Livingstone ali kwa mfumu Shinde ya Alunda, kumtunda kwa mtsinje wa Zambezi, anaonetsa anthu zithunzi za m'Baibulo zojambulidwa pagalasi, zowalitsidwa ndi nyale. Chithunzi choyamba chinali cha Abrahamu atakweza mpeni pa Isake, ndipo pamene ankachisuntha, amayi amene ankaonera anathawa poganiza kuti mpeniwo ukubwera kwa iwo. Patapita zaka zoposa 100, kampani ya Kodak inafalitsa makina a Carousel oonetsera tizithunzi ta filimu. Mu 1987 kunatuluka PowerPoint, pulogalamu ya Robert Gaskins ndi Dennis Austin imene Microsoft inagula chaka chomwecho, ndipo masilaidi anasamukira mu kompyuta. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, timakompyuta ta m'manja ta Palm ndi Pocket PC tinayamba kulumikizidwa ku pulojekita ndi kachipangizo kapadera. Mu 2012 Samsung inagulitsa foni ya Galaxy Beam yokhala ndi kapulojekita m'kati mwake, koma kuwala kwake kunali kochepa moti kankathandiza mumdima mokha. Njira imene yakhazikika ndi yakuti foni ikhale payokha, pulojekita payokha, ndipo ziwirizi zilumikizidwe.

Pa kulumikizaku ndi pamene anthu ambiri amatayirapo ndalama. Mafoni ambiri a masiku ano ali ndi pobayira chaja pa mtundu wa USB-C, ndipo m'mashopu a ku Town Centre, ku City Market ndi ku Kamwala muli zingwe zimene mbali ina ndi USB-C, mbali ina HDMI, yolowa mu pulojekita. Poona ndi maso, munthu amaganiza kuti chingwe chikangolowa ndiye kuti zatheka. Koma kuti chithunzi chidutse, foniyo iyenera kukhala yopangidwa kuti izitulutsa chithunzi pa bowo limenelo, zimene opanga mafoni amazilemba kuti DisplayPort Alt Mode. Mafoni apamwamba a Samsung Galaxy S ali nazo, ndipo kuyambira mu 2017 ali ndi DeX, imene imaonetsa foni pakhoma ngati kompyuta. Ma iPhone 15, amene anatuluka mu 2023, amatulutsanso chithunzi pa USB-C, pamene ma iPhone akale amafuna adaputa ya Lightning. Mafoni ambiri otsika mtengo a Tecno, itel ndi Infinix, pamodzi ndi ambiri a Galaxy A, amene ndiwo adzaza m'manja mwa anthu ku Chunga, bowo lawo limangolandira moto ndi kusamutsa mafayilo. Foni yotere, ngakhale chingwe chikhale chodula bwanji, pakhoma sipaoneka kanthu. N'chifukwa chake wogula wanzeru amapita ndi foni yake kushopu n'kupempha kuti chingwecho chiyesedwe pa TV ali pomwepo, asanatulutse ndalama. Wogulitsa wachilungamo sakana.

Mapulojekita akale amene akadali m'masukulu ndi m'matchalitchi ambiri alibe HDMI; ali ndi VGA, pobayira pabuluu pa timabowo 15. Pamenepo pamafunika kabokosi kosintha HDMI kukhala VGA. VGA imanyamula chithunzi chokha, mawu ayi, choncho ngati pali kanema, sipika iyenera kulumikizidwa padera.

Amene foni yake situlutsa chithunzi pa chingwe asataye mtima, pakuti pali njira yopanda waya. Yofala kwambiri ndi Miracast, imene inakhazikitsidwa mu 2012. Pa Samsung imapezeka pa dzina lakuti Smart View, pa mafoni ena imalembedwa Cast kapena Screen mirroring. Mapulojekita ena atsopano amailandira okha. Ena amafuna kachipangizo kakang'ono konga fulashi, kamene kamabayidwa pa HDMI n'kupatsidwa moto ndi chingwe cha USB. Ubwino wa Miracast ndi wakuti foni ndi kachipangizoko zimalankhulana zokha pa Wi-Fi, popanda intaneti, moti bando ya Airtel, MTN kapena Zamtel siidyeka. Chromecast ya Google ndi yosiyana: imafuna netiweki ya Wi-Fi yoti foni ndi iyoyo zikumanirepo, ndipo kumalo opanda rauta imavuta. Njira yopanda waya imalola wolankhula kuyendayenda pakati pa anthu foni ili m'manja, koma imachedwako pang'ono, ndipo kanema nthawi zina amadukaduka. Pamene chingwe chikutheka, chingwe ndicho chodalirika.

Palinso njira yachitatu imene anthu amaiwala. Mapulojekita ambiri ang'onoang'ono amawerenga okha zithunzi za pa fulashi, ngakhale kuti fayilo ya PowerPoint saitsegula. Masilaidi akasungidwa ngati zithunzi za JPEG, zolembedwa manambala motsatana, n'kukopedwa pa fulashi, msonkhano ukhoza kuyenda ngakhale foni itakana.

Chithunzi chikafika ku pulojekita, chotsatira ndi kuwala. Mphamvu ya kuwala imayezedwa mu ma ANSI lumen. M'kalasi ya mawindo opanda makatani, masana, pamafunika pafupifupi 3,000. Timapulojekita totchipa ta LED nthawi zambiri timangopereka 100 mpaka 300, ngakhale pakatoni atalemba masauzande, chifukwa nambala yapakatoniyo kawirikawiri siikhala ya muyezo wa ANSI. Timakwanira madzulo, m'chipinda chaching'ono, kwa anthu owerengeka. Koma chiyambireni maphunziro aulere mu Januwale 2022, makalasi a m'masukulu a boma mu Lusaka anasefukira, ndipo mwana wa pabenchi lakumbuyo ali kutali ndi khoma. Kugulira kalasi yotere kapulojekita kofooka n'kumumana mwanayo phunziro. Pamene palibe kuchitira mwina, kutchinga mawindo a kutsogolo ndi zitenje zakuda ndi kusendeza pulojekita kufupi ndi khoma kumathandiza, popeza chithunzi chikachepa chimawala kwambiri. Khoma la laimu losalala limagwira bwino ntchito. Nsalu yoyera iyenera kukungidwa kuti isachite makwinya.

Magetsi nawo amalamula kasankhidwe ka makina. Gawo loposa 80 peresenti la magetsi a Zambia limachokera ku madzi, makamaka ku Kariba ndi ku Kafue Gorge. Chilala chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale 2024 chinatsitsa madzi a ku Kariba, ndipo pofika Seputembala chaka chimenecho kampani ya magetsi ya ZESCO inali kuzimitsa magetsi maola 17 kapena kuposerapo patsiku. Anthu a mu Lusaka anazolowera kukonza misonkhano mofunsa kaye ngati malaiti adzakhalapo. Pulojekita yaikulu ya babu imadya mawati pafupifupi 300. Batire ya 12V 100Ah ya mtovu, imene siyenera kutsitsidwa kupitirira theka, ikhoza kuiyendetsa kudzera pa inveta kwa maola osakwana awiri. Ya LED ya mawati 60 ikhoza kuyenda pa batire yomweyo maola 8 kapena 9. Apa ndi pamene foni imaposera laputopu: imadya moto wochepa kwambiri, ndipo pawabanki yaing'ono imaisunga tsiku lonse. Amene akugwiritsa ntchito chingwe asankhe adaputa yokhala ndi bowo lachiwiri la chaja, chifukwa kuonetsa chithunzi kumamaliza batire msanga ndi kutenthetsa foni.

Masilaidi enieniwo akhoza kulembedwa pa foni ndi PowerPoint, Google Slides kapena WPS Office. Ayenera kusungidwa m'foni momwemo, osati pa intaneti pokha, ndipo ndi bwino kukhalanso ndi kope la PDF, limene silisintha zilembo kapena kusokoneza mizere likatsegulidwa pa chipangizo china. Mapulojekita akale amaonetsa chithunzi cha 4:3, atsopano 16:9; kudziwiratu zimenezi kumapewetsa masilaidi odulidwa m'mbali. Foni igonekedwe chopingasa, apo ayi pakhoma pamangooneka kamzere kopapatiza pakati.

Vuto lalikulu la masilaidi olembedwa pa foni ndi lakuti wolemba amawaona ali pafupi ndi maso, ndiye zilembo zazing'ono zimaoneka zokwanira. Pakhoma zimasanduka nyerere. Zilembo zisachepere pa saizi 24, ndipo silaidi imodzi inyamule mfundo imodzi. Msungichuma amene wathira tebulo lonse la mayina ndi ndalama pa silaidi imodzi sanaonetse anthu kanthu, ndipo pa nkhani ya ndalama, zimene anthu sakutha kuwerenga zimabala kukayikirana. Kuli bwino agawe: zolowa pa silaidi yake, zotuluka pa yake, zotsala pa yake, manambala akuluakulu. Mawu akuda pa tsamba loyera amawerengeka bwino m'chipinda chowala kusiyana ndi mawu achikasu kapena ofiira. Ndipo popeza omvera ambiri ku Chunga amalankhula Chinyanja ndi Chibemba, palibe chifukwa chodzazira masilaidi ndi Chingerezi chimene wolankhulayo adzayambanso kumasulira.

Foni ndi chinthu cha munthu payekha, ndipo ikalumikizidwa, zonse za pagalasi lake zimakwera pakhoma: uthenga wa WhatsApp wochokera kunyumba, uthenga wa mobile money wonena ndalama zotsala, dzina la woimba, zithunzi za m'banja. Musanalumikize, mauthenga atsekedwe ndi Do Not Disturb, fayilo itseguliretu, ndipo nthawi yoti galasi lizime lokha italikitsidwe. Nambala yachinsinsi isalembedwe foni ili pakhoma. Amene safuna kuima pafupi ndi tebulo angagwiritse ntchito karimoti ka Bluetooth kosinthira masilaidi, atakayesa kaye ndi pulogalamu yake.

Pulojekita ya babu ikazimitsidwa, pulagi isazulidwe mpaka fani itasiya kulira, chifukwa babu lotentha likasiyidwa losazizira limafa msanga, ndipo latsopano ndi lodula. Magetsi akabwerera pambuyo pozima, ndi bwino kudikira pang'ono isanayatsidwenso, ndipo ibayidwe pa chotetezera kulumpha kwa magetsi. M'miyezi ya fumbi, kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, kasefa ka mpweya ka m'mbali mwa makinawo kamatsekeka msanga, pulojekita n'kumatentha ndi kudzizimitsa yokha pakati pa msonkhano. Kasefako kachotsedwe ndi kupukutidwa kawirikawiri, galasi lakutsogolo lipukutidwe ndi kansalu kofewa kouma, ndipo makinawo asungidwe m'chikwama chake atazizira.