Zakudya Zimene Mlendo Ayenera Kulawa Kwathu Kum'mawa

Caka ndi caka alendo ambiri afika kwathu kuno ku cigawo ca Kum'mawa kwa Zambia. Ena adza mu February kudzaona Nc'wala ya Angoni a Mpezeni ku Mtenguleni, mwambo umene unaukitsidwanso mu 1980. Ena adza mu August ku Kulamba kwa Acewa a Gawa Undi ku Mkaika, pafupi ndi Katete. Cimene cindimvetsa cisoni ndi ici, cakuti alendowa tiwapatsa mpunga, buledi ndi tiyi, poopa kuti anganyoze zakudya za makolo athu. Motero abwerera kwao osadziwa cimene cinatikulitsa. Tsono ndifuna kufotokoza zimene mlendo ayenera kulawa.

Coyamba ndico nsima. Kale makolo athu anali kuphika nsima ya mapira ndi mawere. Cimanga cinacokera ku America, ndipo cinafika ku magombe a Africa ndi zombo za Apwitikizi citapita caka ca 1500. Nsima ya mlendo ndi ya ufa woyera. Akazi akonola cimanga mu mtondo, napeta gaga ndi licero; mphale ija aiviika m'madzi masiku angapo, naiyanika, naisinja. Masiku ano ambiri apita nayo ku cigayo, koma fungo la mphale yoviika silinasinthe. Wophika ayamba ndi phala, kenaka avundula ndi mthiko naomola ndi cipande.

Nsima siyenda yokha. Ndiwo ya ulemu ndi nkhuku. Ndili mwana, akafika mlendo amai anali kutituma kuthamangitsa tambala, ndipo poomola anali kuwerenga ziwalo zonse. Tsiku lina ndinaba nthutumba mu mphika. Amai anagwira nkhuku ina napha, pakuti mlendo akapanda kupeza nthutumba m'mbale aganiza kuti ampatsa makombo. Ine ndinagona ndi njala, ndipo mwambo umenewo sindinauiwale.

Koma mlendo asalekere pa nkhuku, cifukwa luso la mkazi lioneka pa masamba. Alawe nkhwani, umene a m'matauni aucha cibwabwa, wotendera ndi nsinjiro. Alawenso therere lophika ndi cidulo. Cidulo ndi madzi amene adontha pa phulusa la zitsononkho kapena mapesi, ndipo ndiwo afewetsa masamba; ambiri tsopano athira soda wa ku sitolo. M'cilimwe, masamba atasowa, mlendo adzapeza mfutso. Amenewa ndi masamba a nyemba kapena a maungu amene anawafutsa pang'ono pa moto m'dzinja, nawayanika pa dzuwa, nawamanga m'cikwatu ca masamba a msuku. Ndi nzeru imeneyi makolo athu sanali kugona ndi nsima yosowa ndiwo.

Zakudya zina zitsata nyengo. Wofika pa Nc'wala apeza cimanga caciwisi, maungu ndi misale, pakuti pa mwambowo mfumu ndiyo iyamba kulawa zam'munda zatsopano anthu asanadye. Wofika mvula itangoyamba apeza inswa zokazinga ndi bowa. Wofika pa Kulamba, anthu atakolola, apeza mbewa. Ndidziwa kuti anzathu a zigawo zina atiseka pa ndiwo imeneyi, koma ambiri a iwo sanailawe. Anyamata akumba mbewa m'minda, nazitumbula, naziphika ndi mcere, naziwamba pa moto kufikira ziuma. Yonona koposa zonse ndi kapuku. Mbewa za m'thengo zidya mbeu ndi mizu, ndipo sizili zimodzi ndi makoswe a m'nyumba, amene sitiwadya konse.

Cakumwa ca mlendo ndi thobwa, lophika ndi ufa ndi cimera. Silimledzeretsa munthu, ndipo wocokera ulendo wautali alandira cikho cace nsima isanapse.

Kwa mlendo ndinena kuti asambe m'manja, ateme mbamu ndi dzanja lamanja, ndipo asakane cakudya asanalawe, pakuti kutero ndi kunyoza mwini nyumba. Kwa anzanga eni mudzi ndinena kuti tisacite manyazi ndi miphika yathu. Akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Tiyeni timpatse zathu zenizeni akali pakati pathu, kuti akanene kwao zimene anadya kwa Acewa, Ansenga ndi Angoni.