Nsomba Yolimbana ndi Likodzo

M'maiko akutali akatswiri amafuna mankhwala m'zamoyo za m'nyanja ya mchere. Mankhwala a khansa ya m'magazi otchedwa cytarabine, amene anavomerezedwa mu 1969, anachokera pa kufufuza siponji ya ku Caribbean. Nyanja ya Malaŵi nayo ili ndi sing'anga wake, ngakhale asodzi a ku Mtakataka ndi Golomoti amangomuyesa ndiwo.

Sing'angayo ndi nsomba yotchedwa Trematocranus placodon. Kummero kwake kuli mano ophwanyira nkhono, ndipo zina mwa nkhonozo ndizo zimalera tizilombo ta likodzo. Wodwala akakodza m'madzi mazira amaswa, tizilombo nkuloŵa mu nkhono; tikatulukamo timaboola khungu la wosamba kapena wochapa.

Ku Chembe, kutsidya kwa nyanja, makoka a maso aang'ono atachepetsa nsombazi nkhono zinachuluka, likodzo nkufala pakati pa ana. Mu 2001 ofufuza anatsimikiza kuti nkhono ya Bulinus nyassanus, yokhala pamchenga poyera, nayonso imafalitsa nthendayi. Motero gombe lopanda bango silipulumutsa munthu.

Mnyamata wokodza magazi asayesedwe kuti wakula. Makolo apite naye ku chipatala cha Mua akalandire praziquantel.