Pasiwedi yanu musaisiye pa kompyuta ya mushopu

Pa Jenda, kuseri kwa amayi ogulitsa tomato ndi anyezi m'mbali mwa msewu wa M1, kuli timashopu tosindikiza mapepala, ndipo ine ndimagwira ntchito m'kamodzi mwa timeneti. Funso lomwe ndimalimva kawirikawiri si la mtengo wa fotokope ayi, koma lakuti: "Achimwene, pasiwedi yanga ija mukuikumbukira?"

Ambiri amalemba pasiwedi kumapeto kwa kope, ena amangoisiya yosungidwa mu Chrome pa kompyuta ya mushopu. Apa ndiye pamandiopsa. Mabanja ambiri kuno ku Mzimba ali ndi m'bale wawo ku Joni. Tambwali akalowa mu Facebook yanu, angathe kulembera achimwene anu ku Johannesburg kuti amayi agonekedwa m'chipatala, tumizani ndalama msanga. Ndalamazo zikapita, zapita basi.

Pa laputopu yanga ya Linux ndimagwiritsa ntchito pass, kapulogalamu kaulere kamene Jason Donenfeld anatulutsa mu 2012. Pasiwedi iliyonse imakhala m'kafayilo kakekake, kotsekedwa ndi kiyi ya GPG. Koma chimene chimandikomera kwambiri ndi passmenu, kothandizira kake. Ndikadina mabatani awiri amene ndinasankha ndekha, pamwamba pa sikirini pamatuluka kamzere ka mayina: imelo, facebook, banki. Ndimalemba "im", kudina Enter, kenako kuika mawu achinsinsi amodzi okhawo amene ndinaloweza pamtima. Pasiwediyo siioneka pa sikirini. Imangokopedwa, ine n'kuimata pofunikapo, ndipo pakatha masekondi 45 imafufutika yokha. Kasitomala wotsamira tebulo langa angasuzumire bwanji, saonapo kanthu.

Pali pochenjera. Mayina a timafayiloto sabisika, moti wina atha kudziwa kuti muli ndi akaunti ku banki yakuti. Chachikulu ndi kiyi ija: ikatayika, kaya laputopu yabedwa kaya yapsa, kulibe ofesi yokadandaulako. N'chifukwa chake ndinakopera kiyiyo ndi timafayilo tonse pa fulashi yomwe imakhala kunyumba.

Ngati mulibe kompyuta, musadandaule. Mafoni ambiri a Android ali kale ndi Google Password Manager, ndipo Bitwarden nayo ndi yaulere, bola loko ya foniyo isakhale chaka chanu chobadwira. Mukabwera kushopu, Chrome ikakufunsani ngati isunge pasiwedi, dinani Never, ndipo tulukani mu akauntiyo musanadzuke pampando.