Phulusa, Khasu ndi Feteleza: Chiphunzitso cha Maatomu m'Sukulu za ku Mchinji

Mphunzitsi wofuna kuphunzitsa ana za maatomu asadandaule kuti sukulu yake ilibe zipangizo za sayansi. M'midzi ya ku Mchinji, boma lija la m'malire limene kale linkatchedwa Fort Manning, muli zonse zofunika: phulusa la pamoto, khasu la dzimbiri, mchere ndi thumba la feteleza. Chachikulu n'chakuti mphunzitsiyo ayambe wamvetsa yekha magulu atatu a zinthu, pakuti ana sangatunge madzi m'chitsime chouma.

Chinthu chilichonse, kaya mwala, madzi kapena mpweya, chinapangidwa ndi tizidutswa tating'ono zedi totchedwa maatomu. Dzinali linachokera kwa Agiriki akale, ndipo tanthauzo lake ndilo chosadulika. M'chaka cha 1808 John Dalton, amene anali mphunzitsi ku Manchester, analongosola kuti maatomu ali a mitundumitundu, ndi kuti mtundu uliwonse uli ndi kulemera kwakekwake. Lero tidziwa kuti atomu nayonso ili ndi tizigawo: mapulotoni ndi manyutironi pakati, maelekitironi kunja. Chiwerengero cha mapulotoni ndicho chisiyanitsa mtundu wina ndi unzake. Haidirojeni ali ndi 1, kaboni 6, okosijeni 8, chitsulo 26, mkuwa 29.

Gulu loyamba ndilo la maelementi. Elementi ndi chinthu chimene maatomu ake onse ali a mtundu umodzi. Mkuwa woyengeka wa ku Zambia ndi elementi. Ngakhale muusule kapena muusungunule, simudzapezamo china koma mkuwa. Maelementi odziwika lero alipo 118. Dmitri Mendeleev wa ku Russia ndiye anawandandalika m'chaka cha 1869, nasiya mipata ya ena amene pa nthawiyo anali asanapezeke.

Gulu lachiwiri ndilo la zolumikizana. Maatomu a mitundu iwiri kapena yambiri akagwirana molimba pa muyeso wosasintha, pabadwa chinthu chatsopano chosafanana ndi makolo ake. Madzi ndi maatomu awiri a haidirojeni ndi imodzi ya okosijeni. Haidirojeni ayaka, okosijeni akoleza moto, koma madzi azima moto. Chomwechonso mchere: sodiyamu payekha ayaka m'madzi, kolorini ndi mpweya wakupha, koma ziwirizi zikalumikizana ndizo zikometsa ndiwo.

Makolo athu anadziwa kumasula zolumikizana ngakhale analibe maina amenewa. Mtapo wa chitsulo ndi chitsulo chogwirana ndi okosijeni. Osula ankauthira m'ng'anjo yadothi pamodzi ndi makala, naukoleza moto waukali. Kaboni wa m'makala ankalanda okosijeni uja, chitsulo n'kutsala. Mabwinja a ng'anjo zotere aonekabe m'nkhalango ya Kasungu, kumpoto kwa Mchinji. Khasu likagona pa mvula, chitsulo chibwerera kukagwirana ndi okosijeni, ndipo ndilo dzimbiri.

Gulu lachitatu ndilo la zosakanizika. Apa zinthu zingokhalira pamodzi osagwirana, muyeso wake usinthasintha, ndipo chilichonse chisunga khalidwe lake. N'chifukwa chake tizilekanitsa ndi njira zapafupi: kupeta, kusefa, kuphwetsa madzi pamoto. Mayi akatentha makoko a mtedza kapena zitsononkho, nathira madzi pa phulusa lija m'chitini chobooka pansi, mchere wina wa potaziyamu usungunuka nutsika ndi madzi, zotsala zikhala pamwamba. Madzi odontha aja ndiwo chidulo chophikira therere. Phulusa ndi chosakanizika; mchere wa potaziyamu uli m'katimo ndi cholumikizana; potaziyamu mwini wake ndi elementi, imene Humphry Davy anailekanitsa koyamba m'chaka cha 1807. Onani, magulu onse atatu apezeka m'chitini chimodzi.

Tsono wina angafunse kuti, kodi mwana wa mlimi apindulanji ndi zimenezi? Mpweya umene tipuma ndi chosakanizika: mwa magawo 100, pafupifupi 78 ndi naitirojeni ndipo 21 ndi okosijeni. Chimanga chifuna naitirojeni, koma sichitha kumutenga mu mpweya. Chimulandira pokhapokha atalumikizana ndi maelementi ena. Mtedza umene Mchinji atchuka nawo uli ndi timatuza ku mizu, m'mene mukhala tizilombo togwira ntchito imeneyi. Ndicho chifukwa chake munda umene munali mtedza ukomera chimanga. Feteleza wa yureya ndi cholumikizana cha kaboni, okosijeni, naitirojeni ndi haidirojeni. Nambala 46 yolembedwa pa thumba itanthauza kuti m'thumba la makilogalamu 50 muli makilogalamu 23 a naitirojeni.

Pakuti muyeso wa cholumikizana susintha, yureya weniweni sapereŵera pa nambalayo pokhapokha munthu atathiramo zina. Wogulitsa wachinyengo akasakaniza mchenga, wapanga chosakanizika, ndipo chosakanizika chilekanitsika. Thirani supuni imodzi m'botolo la madzi oyera, mukhutchumule. Yureya asungunuka yense ndipo botolo lizizira m'manja. Mchenga ukhala pansi. Muwachenjeze ana kuti muyeso uwu ndi wa yureya, chifukwa feteleza wokulitsa wina asiya nsenga ngakhale ali wabwino.

Motero, inu amene mukonzekera uphunzitsi, musayambe ndi kulemba maina pa bolodi. Yambani ndi mchere, mchenga, madzi ndi kansalu kosefera. Ana asakanize okha, asefe okha, aphwetse madzi m'chivundikiro pamoto kufikira mchere utabwerera. Pambuyo pake muwapatse maina, m'chinenero chawo, limodzilimodzi. Mwana wophunzira motere akapita ndi atate wake kukagula feteleza kwa Kamwendo kapena ku Kapiri, adzadziwa chofunsa ndi choyesa ndalama za fodya zisanatuluke m'thumba.